Kuchokera ku Madina Kukafika ku Petra: Msilamu Amakaonako Chiyani ku Mabwinja?



Teremu yathayi tidapachika zithunzi zisanu ndi chimodzi pa bolodi la zidziwitso pafupi ndi laibulale. Adatitumizira ndi mnyamata wathu amene adamaliza Fomu 4 pasukulu pano, yemwe panopa akuphunzira za chipembedzo ku Madina. Pa tchuthi, iye ndi anzake awiri adakwera galimoto ya mnzawo wa ku Jordan amene ankapita kwawo, ndipo m'njira adaima pa mabwinja awiri otchuka a m'chipululu: Al-Hijr ku Saudi Arabia ndi Petra ku Jordan.

Sabata isanathe, zithunzizo zidabala mafunso awiri. Loyamba lidachokera kwa mmodzi mwa akuluakulu a komiti, amene adandiitanira pambali titatha Swala ya Jumu'ah. Iwo adati: "Ustadh, malo ajawa si paja Mtumiki adadutsapo atafunda nkhope? Nanga bwanji tikuwaonetsa ana ngati malo okasangalalako?" Lachiwiri lidachokera kwa mtsikana wa Fomu 3. Iye adawerenga pa intaneti kuti nyumba za m'matanthwezo adazisema ndi anthu otchedwa Nabataea zaka pafupifupi 2,000 zapitazo, pomwe ku madrasa adamva kuti ndi nyumba za a Thamud, anthu a Mneneri Swaleh (AS). Funso lake lidali lachindunji: "Ndiye akulakwa ndani?"

Mafunso onsewa ndi olemera, ndipo sakuyenera kuyankhidwa mwachidule pakhonde. Tidayamba tachotsa zithunzizo. M'nkhani ino tiyenda msewu umene anyamatawo adayenda, ndipo mayankho tiwapeza m'njira momwemo.

Msewu wake

Kuchokera ku Madina kukafika ku Petra kudzera ku AlUla ndi ku Tabuk ndi makilomita opitirira pang'ono 900, mtunda wofanana ndi wochokera ku Blantyre kukafika ku Karonga. Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko munthu amatha kuyenda ola lathunthu osaona mudzi, mtengo wamthunzi kapena mtsinje. Nyengo yotentha, kutentha kumadutsa madigiri 40. Woyendetsa wanzeru amadzaza mafuta paliponse pamene wapeza malo omwetsera, ndipo amanyamula madzi ochuluka kuposa amene akuganiza kuti amwa.

Msewuwu ndi wa phula lamakono, koma njira yake ndi yakalekale. Ndi momwe munkadutsa ngamila zonyamula lubani ndi mure kuchokera ku Yemen kupita ku madoko a nyanja ya Mediterranean. Ndi momwe Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale kwa iye) adadutsa popita ku Tabuk. Pambuyo pake idakhala njira ya mahaji ochokera ku Damascus, ndipo pakati pa 1900 ndi 1908, m'nthawi ya Sultan Abdul Hamid II, adayalamo njanji ya Hijaz yofika ku Madina. Ulendo umene unkatenga masiku pafupifupi 40 pa ngamila udayamba kutha sabata isanakwane. Njanjiyo idaonongeka pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndipo masiteshoni ake akadali chiimire m'mbali mwa msewu, opanda sitima.

Chifukwa chimene onsewa adadutsira malo amodzimodzi ndi madzi. M'chipululu njira imatsata zitsime. Sungani mfundo imeneyi, chifukwa tikumana nayonso kawiri.

Al-Hijr m'Qur'an ndi m'Hadith

Mukachoka ku Madina kulowera kumpoto, mumadutsa Khaybar, kenako mumakhotera ku chigwa cha AlUla chodzaza ndi mitengo ya tende. Pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20 kumpoto kwa tauniyi pali Al-Hijr. Dzina lina la malowa ndi Mada'in Salih, ndipo m'mabuku a mbiri yakale amalemba kuti Hegra. Surah ya nambala 15 m'Qur'an imatchedwa ndi dzina lomweli.

Nkhani ya a Thamud ikupezeka m'masurah angapo, monga Al-A'raf, Hud, Ash-Shu'ara, An-Naml ndi Ash-Shams. Tikaisonkhanitsa m'mawu athu ili motere. Allah adawapatsa minda, akasupe ndi mitengo ya tende. Adali ndi luso lomanga nyumba zikuluzikulu m'zigwa ndi kusema mokhala m'mapiri, ndipo ankadziona kuti palibe chingawakhudze. Mneneri Swaleh (AS), amene adali m'bale wawo, adawaitanira ku kupembedza Allah yekha. Atapempha chizindikiro, adapatsidwa ngamila yaikazi pamodzi ndi lamulo losavuta kumva: madzi agawane, tsiku lina amwe ngamila, tsiku lina atunge anthu, ndipo wina asaichite choipa. M'mudzimo mudali anthu asanu ndi anayi otsogolera zoipa. Ngamila ija adaipha, ndipo atapatsidwa masiku atatu, mkokomo woopsa udawapeza m'nyumba zawo. Swaleh (AS) ndi amene adakhulupirira adapulumutsidwa.

Taonani kuti mayeso awo adaikidwa pa chitsime. Anthu odziwa kuboola phiri adalephera kudikira tsiku limodzi kuti chinyama chimwe madzi. Komanso amene adagwira mpeni adali ochepa, koma chilango chidagwera onse amene adavomereza.

M'mwezi wa Rajab chaka cha 9 cha Hijra, chomwe ndi 630, Mtumiki (SAW) adanyamuka ndi Maswahaba pafupifupi 30,000 kupita ku Tabuk. Kudali kotentha, chakudya ndi zokwera zidali zochepa, mwakuti gululi limadziwika kuti gulu la nthawi ya mavuto. Atafika ku Al-Hijr, anthu adatunga madzi m'zitsime n'kukanda ufa wa mikate. Mabuku a Bukhari ndi Muslim akusimba kuti Mtumiki (SAW) adalamula kuti madziwo atayidwe, ufa wokandawo apatse ngamila, ndipo atunge pa chitsime chimodzi chokha, chomwe ngamila ya Swaleh (AS) inkamwapo. Adawachenjezanso kuti asalowe mokhala anthu amene adalangidwawo pokhapokha ali olira, kuopa kuti zimene zidawagwera zingawagwerenso. Iye mwini adafunda kumutu n'kufulumiza chokwera chake mpaka adatuluka m'chigwamo.

Asilamu adasunga chiphunzitsochi kwa zaka mazanamazana. Ibn Battuta, amene adadutsa pamalowa ndi mahaji mu 1326, adalemba kuti anthu sankatunga madzi a pamenepo ngakhale ludzu litawagwira chotani. Choncho akuluakulu athu aja sadalakwe. Malowa ali ndi chenjezo lochokera kwa Mtumiki (SAW) mwini wake.

Nanga manda aja adasema ndani?

Mtsikana wa Fomu 3 uja nayenso sadaname. Ku Al-Hijr kuli manda akuluakulu 111 osemedwa m'matanthwe, ndipo 94 mwa iwo ali ndi zokongoletsa kumaso kwake. Mu 2008 bungwe la UNESCO lidaika malowa pa mndandanda wa malo a mbiri ya dziko lonse, ndipo adali oyamba ku Saudi Arabia kulowa pa mndandandawo. Pamwamba pa makomo a manda ambiri pali zolemba zimene akatswiri amatha kuwerenga. Zimatchula mwini manda, amene akuloledwa kuikidwamo, chindapusa cha aliyense wogulitsa mandawo kapena kuikamo mlendo, ndi chaka cha ufumu wa mfumu imene inkalamulira. Zina zimatchulanso mmisiri amene adasema. Mwa eni mandawo mulinso amayi. Madeti ake akuyambira cha m'nthawi imene Mneneri Isa (AS) adabadwa kufika cha m'ma 75, ndipo ambiri ndi a nthawi ya mfumu Aretas IV, amene Aarabu amamutcha Al-Harith, yemwe adalamulira mpaka chaka cha 40.

Amisiriwo ankayamba kusema kuchokera pamwamba kutsika pansi. Umboni wake ndi manda otchuka otchedwa Qasr al-Farid, oima paokha pa thanthwe limodzi, amene ali pa chithunzi chachiwiri mwa zathu zija. Kumtunda kwake n'kosalala bwino, koma kumunsi kukuonekabe mikwingwirima ya chitsulo, chifukwa ntchito idaima isanathe. Mkati mwa mandawa muli tizipinda ting'onoting'ono tokhala ndi mapanga oikamo mitembo, ndipo ofukula zakale apezamo mafupa. Anthu amoyo ankakhala pakati pa chigwa, m'nyumba za njerwa zadothi zozunguliridwa ndi mpanda.

Tsono Qur'an yomwe ikutithandiza kuika zinthu m'malo mwake. Mu Surah Al-A'raf a Thamud akutchulidwa kuti adabwera pambuyo pa a Aad. Mu Surah Ghafir, munthu wokhulupirira wa ku banja la Firiauna akuchenjeza anthu ake powakumbutsa za a Thamud ngati mtundu umene udaonongeka kale. Ndiye kuti anthu a Swaleh (AS) adakhalako Mneneri Musa (AS) asanatumidwe, ndipo Musa (AS) adakhalako zaka zoposa 1,000 Isa (AS) asanabadwe. Pakati pa a Thamud a Swaleh (AS) ndi amisiri a Nabataea pali zaka zambirimbiri.

Chigwa ndi chimodzi, koma okhalamo adali osiyanasiyana. Kumene kuli madzi m'chipululu sikukhala kopanda anthu nthawi yaitali. Ku Al-Hijr kwapezeka zitsime zakale zoposa 100. M'dera lomweli mudali ufumu wa Dadan, kenako wa Lihyan, kenako a Nabataea, ndipo pambuyo pawo Aroma. Dzina la Thamud likupezekanso kunja kwa Qur'an, m'zolemba za mfumu Sargon II ya ku Assyria za zaka zoposa 700 Isa (AS) asanabadwe, zomwe zikusonyeza kuti dzinali lidapitirira kudziwika ku Arabia kwa nthawi yaitali.

Yankho kwa mwana wathu ndi ili. Hadith yatiuza za malo, kuti dziko la a Thamud ndi Al-Hijr, pa njira ya ku Tabuk. Palibe ayah kapena Hadith imene ikuloza khomo lakutilakuti lokhala ndi zolemba za Aretas n'kunena kuti adasema ndi anthu a Swaleh (AS). Amene adakuuza ku madrasa kuti malowa ndi a Thamud adanena zoona za chigwacho. Amene adalemba kuti manda okongolawo ndi a Nabataea adanena zoona za mandawo. Cholakwika chimabwera tikasakaniza ziwirizi. Tikamaphunzitsa ana zinthu zimene Qur'an sidanene ngati kuti idanena, tsiku lina adzawerenga zoona zake, ndipo adzakayikira ngakhale zimene Qur'an idanenadi. Apa aphunzitsi ndi makolo tiyenera kusamala.

Kodi n'kololedwa kupitako?

M'malo ambiri Qur'an ikulimbikitsa anthu kuyenda padziko kuti aone mathero a mitundu imene idalipo kale. Chitsanzo chili mu Surah Ar-Rum ndi mu Surah Ghafir. Mbali inayi tili ndi chenjezo la ku Al-Hijr. Maulama ambiri adaphatikiza ziwirizi motere: malo amene tikudziwa kuti kudagwa chilango, munthu angathe kufikako ngati cholinga chake ndi kutengapo phunziro, mtima uli wogwidwa ndi mantha, ndipo asakhalitseko. Kupitako kukachita phwando, kukagona, kapena kukajambulitsa zoseketsa n'kosemphana ndi zimene Mtumiki (SAW) adachita. Aliponso maulama amene amaona kuti kusapitako n'komwe ndiye kwabwino, ndipo maganizo awo ndi oyenera ulemu.

Nkhaniyi yakula masiku ano chifukwa kuyambira mu 2019 dziko la Saudi Arabia lidatsekula zitseko kwa alendo ongodzaona malo, ndipo AlUla akuitsatsa kwambiri. Ana athu akuona pa mafoni zithunzi za mahotela ndi zoimbaimba za kumeneko. Mlendo wofuna kuona Al-Hijr amagula tikiti n'kuyenda ndi woperekeza, ndipo woperekezayo amafotokoza kwambiri za luso la amisiri. Za ngamila ya Swaleh (AS) mlendo wa Chisilamu ayenera kubwera nazo yekha mumtima. Mnyamata wathu adandiuza kuti adakhalako maola awiri, ndipo asanatsike m'basi adakumbutsana nkhani yonse ya a Thamud. Chakudya adakadyera ku tauni ya AlUla.

Tabuk ndi chipata cha m'malire

Kuchokera ku AlUla msewu umapitirira kumpoto makilomita oposa 300 kukafika ku Tabuk. Kuno Mtumiki (SAW) adakhala masiku pafupifupi 20. Nkhondo sidachitike, koma adapangana za mtendere ndi mtsogoleri wa Ayla, yomwe lero ndi Aqaba, komanso ndi anthu a ku Jarba ndi Adhruh. Adhruh ili pafupi kwambiri ndi Petra.

Pa ulendo womwewu, monga akusimbira Mu'adh ibn Jabal (RA) m'buku la Muslim, Mtumiki (SAW) ankaphatikiza Swala ya Dhuhr ndi Asr, komanso Maghrib ndi Isha. Ophunzira a Fomu 2 akumbukire zimene tidaphunzira: mu madh-hab a Imam Shafi'i, woyenda mtunda wa makilomita pafupifupi 80 kapena kuposa amaloledwa kufupikitsa Swala za marakaa anayi kukhala awiri ndi kuphatikiza, malinga ulendowo usakhale wokachita tchimo. Madzi akasowa pali tayammum. Malamulo amenewa tikamawerenga m'kalasi amaoneka ngati ongolembera mayeso, koma pa msewu wa ku Tabuk munthu amaona chifundo chimene chili m'menemo.

Makilomita pafupifupi 100 kuchokera ku Tabuk pali malire. Mbali ya Saudi Arabia pamatchedwa Halat Ammar, mbali ya Jordan ndi Al-Mudawwara. Pano pamafunika pasipoti yosatha msanga, viza ya dziko limene mukulowa, mapepala a galimoto ndi inshulansi yogwira ntchito tsidya linalo. Mlendo wokhala ku Saudi Arabia, monga wophunzira, amafunikanso chilolezo chotuluka ndi kubwereranso, apo ayi maphunziro ake angathere panjira. Ndalama zimasintha kuchoka ku riyal kupita ku dinar. Anyamata athu adataya maola atatu pachipatapa chifukwa pepala limodzi la galimoto lidali pansi pa katundu yense. Safunsa adadya phula: zonsezi munthu amafunsiratu asananyamuke.

Malirewa ndi a posachedwa, a m'zaka za m'ma 1900. M'nthawi ya a Nabataea, Al-Hijr ndi Petra idali mizinda ya ufumu umodzi, Petra likulu, Al-Hijr mzinda waukulu wa kummwera. Lero pakati pake pali mbendera ziwiri ndi zidindo ziwiri. Nawonso malire ndi chinthu chimene chimabwera n'kupita.

Petra, mzinda wosunga madzi

Mukawoloka, mumayenda m'chipululu mpaka ku Ma'an, kenako mumakhotera kumadzulo kukafika ku tauni ya Wadi Musa, kumene galimoto imatsala. Kuchokera apo ndi wapansi. Njira yolowera ku Petra ndi mpata wopapatiza wotchedwa Siq, wotalika kupitirira pang'ono kilomita imodzi, wokhala ndi matanthwe ataliatali uku ndi uku. M'malo ena ndi wa mamita atatu okha m'lifupi. Kumapeto kwake mlendo amangoti tulukiru pamaso pa Al-Khazneh, chinyumba chosemedwa m'thanthwe lofiirira, chotalika mamita pafupifupi 40. Dzinali limatanthauza mosungira chuma, chifukwa anthu a m'derali ankakhulupirira kuti mu mtsuko wamwala umene uli pamwamba pake mudabisidwa chuma cha Firiauna. Zipsera za zipolopolo za ofuna kuuswa zikuonekabe. Mtsukowo ndi mwala wokhawokha, ndipo akatswiri ambiri amati nyumbayo idali manda a mfumu.

Alendo ambiri amayang'ana m'mwamba. Wophunzira wanzeru ayang'anenso m'munsi mwa makoma a Siq, mmene muli ngalande zosemedwa m'thanthwe ndi zotsalira za mapaipi adothi. Ku Petra kumagwa mvula yochepa, pafupifupi mamilimita 150 pa chaka, komabe mzindawu unkasunga anthu oyerekezedwa kuti adali pakati pa 20,000 ndi 30,000. A Nabataea adakoka madzi kuchokera ku akasupe monga Ain Musa, adakumba zitsime zosungira madzi a mvula m'matanthwe n'kuzimata mkati, ndipo adamanga madamu ang'onoang'ono m'makwalala a mapiri. Madzi adachuluka mpaka pakati pa mzinda adakonzapo munda wamaluwa wokhala ndi dziwe lalikulu.

Adadziwanso kuti m'chipululu madzi amapha pawiri, akasowa ndi akabwera mwadzidzidzi. Mvula ikagwa kumapiri, madzi onse amathamangira mu Siq. Choncho adatseka pakamwa pa mpatawo ndi damu, n'kuboola ngalande ya pansi pa phiri yopatutsira madziwo kwina. Damulo litagumuka m'zaka za pambuyo pake, ngozi idabwerera. Mu 1963 madzi osefukira adapha alendo oposa 20 mu Siq, ndipo boma la Jordan lidamanganso damu pamalo omwe a Nabataea adasankha.

Chuma chawo chidachokera pa njira ya lubani. Amalonda ankalipira msonkho, madzi, chakudya cha ngamila ndi chitetezo. Pa chipembedzo, ankapembedza mafano. Wamkulu adali Dushara, ndipo m'zolemba zawo mukupezekanso Al-Lat, Al-Uzza ndi Manat, mayina omwe timawapeza mu Surah An-Najm. Apa wophunzira wa Sira amaona ndi maso kuti mafano amene Mtumiki (SAW) adawapeza ku Arabia adali ndi mizu yakale.

Mmene mzindawu udathera

Petra sidagwe tsiku limodzi. Amalinyero ataphunzira kugwiritsa ntchito mphepo za nyengo pa nyanja, katundu wambiri adayamba kuyenda pa zombo kudzera pa Nyanja Yofiira kupita ku Egypt, ndipo ngamila zodutsa ku Petra zidachepa. Mu 106 Aroma, pansi pa mfumu Trajan, adatenga ufumu wonse wa Nabataea. Mu 363 chivomezi chachikulu chidagwetsa nyumba zambiri n'kuononga ngalande za madzi. Anthu adapitiriza kukhalamo, adamanganso matchalitchi, koma mzinda udanka nuchepa mpaka udatsala m'manja mwa mabanja a Abedu oweta mbuzi. Mabuku ena amati Petra "idapezeka" mu 1812 pamene Johann Ludwig Burckhardt wa ku Switzerland adafikako atavala ngati Mwarabu, ponamizira kukapereka nsembe ya mbuzi ku phiri la Jabal Harun. Amene adamulondolera adali munthu wa komweko. Eni dera sadaiwale malowa, amene sankawadziwa ndi anthu a ku Ulaya.

Pa Petra tilibe ayah kapena Hadith yonena kuti kudagwa chilango ngati cha ku Al-Hijr, choncho tisawonjezere zimene sitidauzidwe. Malowa akulowa m'chilimbikitso chija cha kuyenda ndi kuona. Koma mabwinja awiriwa akaikidwa pamodzi akutisonyeza kuti mtundu wa anthu umatha m'njira ziwiri. Wina umatha m'mawa umodzi chifukwa cha kudzikweza. Wina umatha pang'onopang'ono, malonda akasamuka, ngalande zikagumuka popanda wozikonza. Onse awiri adasiya makoma olimba kuposa nyumba iliyonse imene ife tidzamange.

Chimene adatisiyira

Pali chinthu chimodzi cha a Nabataea chimene mwana aliyense wa madrasa amachigwira tsiku ndi tsiku. Iwo ankalankhula Chiarabu kapena chiyankhulo choyandikana nacho, koma polemba ankagwiritsa ntchito zilembo za Chiaramu. M'kupita kwa zaka, alembi awo adayamba kulumikiza zilembozo ndi kuzipinda kuti dzanja lizithamanga. Akatswiri ambiri a zolemba zakale amagwirizana kuti zilembo za Chiarabu zidachokera m'kalembedwe kameneka. Ku Al-Hijr komweko kuli mwala wa pamanda wa chaka cha 267 wolembedwa m'zilembo za Nabataea koma mawu ake ambiri ndi Achiarabu. Wina wotchuka ndi wa ku Namara ku Syria, wa chaka cha 328.

Ndiye kuti alif, baa, taa amene timayamba nawo ku madrasa adadutsa m'manja mwa anthu opembedza Dushara asanafike polembera Qur'an. Iwo adathira chuma chawo pa manda kuti mayina awo asaiwalike, ndipo lero mayinawo amawerengedwa ndi akatswiri ochepa chabe. Chimene Allah adachisunga n'kuchipatsa ntchito yaikulu ndi tizilembo timene iwo ankalembera malisiti ndi zindapusa. Munthu sadziwa kuti mwa ntchito zake ndi iti imene idzapindulitse anthu iye atapita.

Zimene tagwirizana

Titakambirana ndi a komiti, tagwirizana kuti zithunzi zija zibwerere pa bolodi, koma chilichonse chikhale ndi mawu ofotokoza pansi pake: malowo ndi ati, adasema ndani ndipo liti, komanso zimene Qur'an ndi Hadith zikunena. Ntchito yolemba mawuwo tapatsa a Fomu 3, ndipo mtsikana amene adafunsa uja ndiye atsogolere. Akuluakulu amene adadandaula aja avomera kudzawerenga mawuwo asanapachikidwe.

Kwa makolo, pempho langa ndi lakuti mwana akabwera ndi funso lotere musamukalipire kuti wayamba kukayikira chipembedzo. Mutumizeni kwa ife, kapena bwerani naye. Mwana amene waletsedwa kufunsa kunyumba amakafunsa pa foni, ndipo kumeneko omuyankha sitiwadziwa.

Ambiri mwa ife sitidzafika ku Petra. Amene Allah adzawapatse mwayi wa Hajj kapena Umrah, mwina adzafika ku Al-Hijr, ndipo tsopano akudziwa kalowedwe kake. Koma tisaganize kuti mabwinja ndi a anthu osakhulupirira okha. Ku Tanzania kuno kuli Kilwa, kumene makolo athu a Chiyao ankapita pa malonda. Udali mzinda wolemera wa Asilamu, Ibn Battuta adafikako mu 1331, ndipo lero mzikiti wake waukulu ndi bwinja loonetsa alendo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Phunziro la ngamila ya Swaleh (AS) silifuna pasipoti. Pasukulu pano tili ndi mjigo umodzi umene timagawana ndi anthu a m'mudzi. M'mawa uliwonse pamakhala mzere, ndipo tonse tikudziwa kuti ena mwa anyamata akuluakulu amakankha ana a Fomu 1 ndi amayi a m'mudzi kuti atunge msanga, anzawo akuonerera osanena kanthu. Amene wawerenga nkhaniyi mpaka pano akayambire pamenepo mawa m'mawa.

Allah atipatse maso oona ndi mitima yotenga phunziro. Ameen.

Mphunzitsi wa maphunziro a Chisilamu